Uzimba Udali ndi Mwini Wake

Munthu akakwera ku Chencherere, kumpoto kwa boma la Dedza, n'kulowa pansi pa thanthwe limene anthu amalitcha Mwana wa Chencherere, amaponda pamalo pamene alenje adadyerapo nyama kwa zaka mazanamazana. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba pansi pa thanthwelo ndipo adapezamo tizida tamiyala, mapale ndi mafupa ambiri a nyama zakutchire. Mafupawo adawasanthula Diana Crader, amene buku lake la 1984 lidasonyeza kuti alenje adakhalabe m'mapiri amenewa ngakhale pamene alimi osula zitsulo adali atakhazikika kale m'zigwa. Awa ndi anthu amene Achewa amawakumbukira ndi dzina loti Akafula, eni zithunzi zofiira za m'mapanga a Chongoni. Malo ojambulidwa 127 a m'derali adalowa mu 2006 pa mndandanda wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse. Lero ukayenda tsiku lathunthu m'nkhalango ya Chongoni, mwayi ukakugwera uona gwape mmodzi akuthawa, anyani pathanthwe, mwinanso chinkhoma. Nyama zikuluzikulu zidatha kalekale pamwamba pa mapiriwa. Ukafunsa kuti zidapita kuti, yankho limakhala pakamwa pa aliyense: adazitha ndi alenje. Yankholi lili ndi choona chake, koma limasiya funso lalikulu osaliyankha. Anthu adasaka m'mapiri amenewa mibadwo yosawerengeka nyama osatha. Nanga zidatha bwanji m'zaka zana limodzi lokha, zaka zomwezo zimene kusaka kudali koletsedwa ndi lamulo?

Mfundo yanga ndi iyi. Kusaka kumasunga nyama kapena kuzitha malingana ndi chinthu chimodzi: ngati pali munthu wodziwika, wokhala pafupi ndi tchirelo, amene ali ndi mphamvu yotsegula ulenje ndi kuutseka, ndipo anthu amamumvera chifukwa nawonso amadyako. Ku Dedza munthu wotere adaliko. Malamulo a atsamunda adamulanda mphamvuyo osaika wina wapafupi m'malo mwake, ndipo titalandira ufulu mu 1964 tidapitiriza njira yomweyo. Kusaka sikudaleke ayi. Kudangosanduka kwa usiku, kopanda nyengo, kopanda woyankha mlandu.

Kumaiko a kumpoto nkhaniyi adaiphunzira pa nyama zimene Angerezi amati deer, zofanana ndi mbawala koma nyanga zake zochita nthambi. Kuno kwathu kulibe, ndipo abale ake pamoyo wa m'tchire ndi mbawala, gwape ndi mphoyo. Mu 1906 pulezidenti Theodore Roosevelt adasandutsa mapiri a Kaibab ku Arizona malo otetezera nyamazi. Kuzisaka kudaletsedwa, boma n'kupha mimbulu ndi zilombo zina zimene zinkazidya. Pofika m'zaka za m'ma 1920 zidachulukana mpaka kudya mphukira zonse, ndipo zambiri zidafa ndi njala. Kuyambira pamenepo akatswiri monga Aldo Leopold, amene buku lake la kasamalidwe ka nyama lidatuluka mu 1933, adayamba kuphunzitsa kuti pamene zilombo zolusa zatha, mlenje ndiye ayenera kugwira ntchito yawo, koma mowerenga: nyama zingati zilipo, zingati zichotsedwe, mwezi uti. Ku Germany dera lililonse losakamo lili ndi mwini wake wolembedwa, amene amayankha za chiwerengero cha nyama zophedwa, ndipo nguluwe zikaononga munda iye ndiye kawirikawiri amalipira mlimi. Mfuti zawo ndi mapepala awo ndi zachilendo kwa ife, koma maziko akewo, oti tchire likhale ndi woliyankhira, makolo a ku Dedza adawadziwa.

Dzina la ulenje wa makolowo lidali uzimba. Nthawi yake idali chilimwe chitafika pachimake, cha mu Seputembala kapena Okutobala, udzu utauma gwa, nkhokwe zitadzaza, udzu wofolera nyumba utamwetedwa kale, chizimalupsa chisanagwe. Mwini dziko ndiye ankalengeza tsiku, uthenga n'kuyenda m'midzi yoyandikana. Usiku woti mawa ndi uzimba amuna ankadika, pakuti ankakhulupirira kuti wopita kutchire ali wotentha aika anzake pangozi, ndipo akazi otsala kumudzi adalinso ndi mwambo wawo woti asunge. Akuluakulu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo kupempha mizimu kuti itsegule tchire. Kukacha amuna ankatuluka ndi mauta, mikondo ndi zibonga, anyamata atagwira agalu, ena atasenza maukonde. Ankazinga dera lonse, oyatsa moto n'kuima mbali yochokera mphepo, enawo n'kudikira kumene nyama zithawire. Utsi ukakwera akabawi ankazungulira pamwamba kuwakha ziwala. Woyamba kutumphuka ankakhala kalulu, kenako gwape mutu uli pansi, kenako mbawala yamphongo, imene mlenje aliyense ankaiopa chifukwa ikalasidwa imatembenukira galu ndi munthu yemwe. Dzuwa likapendeka nyama zinkaunjikidwa pamodzi, milandu n'kuyamba. Kagawidwe kankasiyana pang'ono dera ndi dera, koma mutu wake udali umodzi: wolasa choyamba ndiye mwini nyama ngakhale ikagwere patali m'manja mwa wina, womaliza adali ndi chiwalo chake, ndipo pa nyama yaikulu iliyonse mwini dziko adali ndi gawo. Njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi udali wa mfumu. Chikopa cha nyalugwe kapena cha mkango chinkapitanso komweko.

Gawo la mfumu limeneli ambiri amaliona ngati dyera la mafumu akale, koma tanthauzo lake lidali lalikulu. Mwendo wa nyama wopita kwa mwini dziko udali umboni wakuti tchirelo lili ndi mwini, ndipo mwiniyo ankadziwa zimene zaphedwa m'dziko lake chifukwa zinkadutsa pakhomo pake. Moto nawonso udali ndi mwini. Wotentha tchire tsiku lisanakwane ankapalamula, chifukwa wabalalitsa nyama za anthu onse. Wansembe wina amenenso adali katswiri wa chikhalidwe, Matthew Schoffeleers, adalemba mu 1971 za tanthauzo la moto wa kutchire pa chipembedzo cha makolo, ndipo adafotokoza za phiri la Bunda, kumene kudali kachisi wa mvula, kuti moto wa chaka unkayatsidwako mwamwambo. Nkhani ya Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, imanena zomwezo m'njira yake: anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi mpaka tsiku limene munthu adapeka moto, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu. Mtundu umene umayamba mbiri yake ndi mlandu wa moto ndi nyama sungatchedwe wosasamala za tchire. Ngakhale pamaliro nyama zimabwerera kumudzi: kasiyamaliro amalukidwa m'maonekedwe a nyama ya nyanga, ndipo zithunzi zoyera za pa Namzeze ku Chongoni zimaonetsa zilombo za gule wamkulu zomwezi.

Tsono kodi mwambo umenewu unkachita chiyani pa chiwerengero cha nyama? Tchire limodzi linkapsa kamodzi pachaka, ndiye kuti uzimba wa moto pamalo amodzi udali wa kamodzi. Mvula ikagwa anthu ankatanganidwa ndi khasu, udzu n'kukula kupitirira munthu, nyama n'kupuma miyezi yambiri. Manda, dambwe ndi nkhalango za akachisi adali malo osalowamo wamba, ndipo m'menemo nyama zothawa zinkabisala n'kuswana. Sindikunena kuti kunja kwa uzimba kunalibe kusaka. Anyamata ankatchera madiwa, amuna ankakumba mbuna m'mphepete mwa minda, alenje odziwika ankapita okha ndi uta. Koma kusaka kochotsa nyama zambiri pakamodzi kudali ndi tsiku lake, ndipo nyama monga gwape, imene imabereka mwana mmodzimmodzi koma kawirikawiri, inkatha kubweza chiwerengero chake chaka chisanathe. Mbali inayo, uzimba ndi mbuna zinkachepetsa nguluwe, zimene zimaswa ana angapo pakamodzi ndipo usiku umodzi zikhoza kugwetsa munda wa chimanga. Mlimi wa ku Linthipe kapena ku Bembeke sankasaka pofuna ndiwo zokha. Ankasakanso kuti akolole.

Pali ena amene anganene kuti ndikukometsera zakale. Adzati makolo sankawerenga nyama, moto sunkasankha yaikazi kapena yabere, ndipo chimene chinkasunga nyama ndi kuchepa kwa anthu ndi kufooka kwa zida zawo. Adzakumbutsanso za minyanga. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kudali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi adafukula zidutswa za minyanga pamodzi ndi mikanda yagalasi ndi mbale zochokera ku China, umboni wakuti mafumu a Amaravi ankagulitsa njovu za dziko lawo kwa amalonda akutali. M'zaka za m'ma 1800 mfuti za gogodera zitafika ndi amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili, njovu zidaphedwa kwambiri mafumu akulandira mnyanga wawo wa pansi. Ndiponso nyama zambiri zimene Azungu oyamba adaziona kuno zidachuluka chifukwa cha nkhondo: Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, Achewa ambiri adathawira m'mapiri ndi m'malinga, minda n'kubwerera kutchire. Zonsezi n'zoona, ndipo sindizikana. Koma nkhani ya minyanga ikuchitira umboni mfundo yanga yomwe. Nyama ya uzimba inkathera mumphika wa pamudzi, ndipo mphika umadzaza. Mnyanga unkapita kwa wogula wa kunyanja ya mchere, amene sankakhuta, ndipo gawo la mfumu litasanduka nsalu ndi wonga, mfumuyo idasiya kukhala wotseka n'kukhala wokolezera. Pamene mwini tchire adapeza phindu posatseka, njovu zidatha. Pamene phindu lake lidali loti chaka chamawa kudzakhalenso uzimba, mbawala ndi agwape adatsala.

Boma la Britain lidalengeza ulamuliro wake kuno mu 1891, ndipo mu 1896 asilikali ake adapha Inkosi Gomani wa Angoni a Maseko. Chaka chotsatira, mu 1897, padatuluka malamulo a nyama amene adakhazikitsa malo otetezedwa oyamba, ku dambo la Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa. Mu 1900 maiko a atsamunda adakumana ku London n'kugwirizana zochepetsa kusaka ndi maukonde ndi mbuna mu Africa, ndipo malamulo a Nyasaland otsatira, monga a 1911 ndi a 1927, adapanikiza njira zimene munthu wakumudzi ankasakira. Njira yovomerezeka idali mfuti ndi chiphaso, zinthu ziwiri zimene wolima pamudzi, amene ankavutika kale kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba, sakadazifikira. Tiyenera kukumbukira kuti Alfred Sharpe, amene adalamulira dziko lino kuyambira 1896 mpaka 1910, adabwera kuno mu 1887 ngati wosaka njovu ndi wogula minyanga. Kwa anthu a mtundu wake kusaka koyenera kudali kwa munthu mmodzi ndi mfuti yake, wofuna nyanga zokapachika pakhoma, ndipo uzimba adauona ngati nkhanza. Sadaone kuti mkati mwa phokoso la agalu ndi utsi mudali lamulo. Atauletsa, mwini dziko adatsala wopanda tsiku loti alengeze, wopanda gawo loti alandire, wopandanso chifukwa choimbira mlandu mphwake amene wapha mbawala mobisa.

Zotsatira zake zidayamba kuonekera kumunsi kwa mapiri. Pamwamba pa Dedza, pamene phiri limafika mamita 2,198, kumazizira kwambiri moti kashembe sakhalako, koma m'zigwa za kunyanja ndi m'madera a Dowa ndi Kasungu ntchentcheyi idafalikira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ng'ombe n'kumafa, anthu n'kuyamba kudwala kaodzera. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Bruce, limene lidagwira ntchito pa phiri la Kasu m'boma la Dowa nkhondo ya 1914 isanayambe, lidapeza kuti tizilombo ta matendawa timakhala m'magazi a nyama zakutchire, ndipo lidalangiza kuti nyama za m'madera a kashembe ziphedwe. Dokotala wa mishoni ku Kasungu, George Prentice, adatsutsa malamulo a nyama poyera, ponena kuti boma likuteteza nyama anthu akuvutika. Lamulo la 1927 nalonso lidatsutsidwa ndi amishoni ndi alimi. Olemba mbiri adatsutsana pambuyo pake za kukula kwa mlandu wa malamulowa: Leroy Vail, polemba za kum'mawa kwa Zambia mu 1977, adati kulanda anthu mfuti ndi kuwaletsa kusaka kudabweza tchire ndi kashembe, pamene John McCracken adachenjeza kuti ku Malawi zifukwa zidali zambiri. Chimene palibe angatsutse n'chakuti boma lomwelo limene linkaletsa mlimi kupha nyama lidayamba kulangizidwa ndi akatswiri ake kuti lizipha lokha.

Ndipo lidaziphadi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kudakhazikitsidwa dipatimenti yoona za nyama, nsomba ndi kashembe, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake idali kuteteza minda: alenje a boma ankayenda m'maboma kuombera njovu, nguluwe ndi anyani. Kuchepetsa nyama posaka sikudathe m'dziko muno, kudangochoka m'manja mwa mudzi kupita m'manja mwa agemu. Nthawi yomweyo mapiri adali atatsekedwa. Dzalanyama, imene idayamba yakhala malo osungira nyama, idasanduka nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo Chongoni, phiri la Dedza ndi Mua-Livulezi zidatsatira m'zaka zomwezo za m'ma 1920. Kuteteza magwero a mitsinje monga Linthipe ndi Diamphwe kudali kwanzeru, ndipo pakadapanda malire amenewo mwina lero sipakadatsala mtengo. Cholakwa chidali chakuti anthu oyandikana nazo adauzidwa kuti za m'katimo si zawo. Nguluwe yotuluka m'nkhalango kudzadya chimanga idali ya boma, njala yotsatirapo idali ya mlimi.

Mlenje amene adabadwa m'malamulo amenewa ndi amene tili naye lero. Sanyamula mkondo, saitana mnzake. Amatenga waya wa mabuleki a njinga, n'kuupinda khwekhwe, n'kuumangirira pakamtengo m'kanjira kamene waona ndowe za gwape. Amatchera makumi angapo madzulo amodzi, ndipo chifukwa choopa afolesiti sabwerako tsiku ndi tsiku. Nyama imakodwa mwendo kapena khosi, imaphupha usiku wonse waya akulowa m'mnofu, ndipo mwini msampha akamafika patapita masiku anayi amapeza ntchentche ndi mafupa, fisi atadya kale. Khwekhwe sadziwa dzinja kapena chilimwe, sadziwa yabere, ndipo woiwalika amapitiriza kupha mwini wake ataleka kalekale. Nyama ikapezeka yabwino siidutsa pakhomo pa mfumu, imapita m'thumba kukagulitsidwa mwakachetechete. Moto nawonso udataya mwini. Kuyambira Julayi mpaka mvula kugwa, wosaka mbewa aliyense amayatsa pamene wafuna, mapiri n'kumayaka usiku ndi usiku, osasiya chitsamba choti mwana wa mbawala abisalemo. Uzimba, ndi nkhanza zake zonse, unkapha tsiku limodzi anthu onse akuona. Ulenje wamasiyewu umapha chaka chonse popanda woona.

Otsutsa ena ali ndi mfundo yolemera kuposa yoyamba ija. Iwo amati nyama zidatha chifukwa malo adatha, basi. Mu 1966 Amalawi tidali pafupifupi 4 miliyoni, mu 2018 tidapitirira 17.5 miliyoni, ndipo boma la Dedza lokha lidali ndi anthu oposa 800,000. Madambo adasanduka madimba a mbatata ya kachewere ndi kabichi, mbali zina za mapiri zidadzalidwa paini, amene pansi pake sipamera chakudya cha mbawala. Pa nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1990, Malawi idasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu adali mwa maboma amene adalandira ambiri, onsewo ofuna nkhuni ndi mitengo yomangira. Makala adadya Dzalanyama mpaka boma lidatumizako asilikali mu 2015. Ndani angakane zimenezi? Ntchefu ndi njati sizikadakhala pakati pa minda ya anthu 800,000 ngakhale uzimba ukadapitirira. Koma kuchuluka kwa anthu sikufotokoza chifukwa chimene nkhalango zotsalazo, zimene mitengo yake ikadalipo, zilili zii. Gwape ndi nyama yopirira, yokhala ngakhale m'mphepete mwa minda. Mbawala imangofuna chitsamba chowirira ndi madzi. Ngati nkhalango ili chiimire koma nyama zoterezi zikusowamo, ndiye kuti chazichotsa ndi waya, agalu ndi moto, zinthu zimene mudzi wokha ndiwo ungaletse, chifukwa mudzi ndiwo umadziwa mwini khwekhwe aliyense ndi dzina lake. Mlonda wa boma mmodzi sangalondere phiri lonse. Lamulo la nyama la 1992 lidakhwimitsidwa mu 2017 mpaka kufika pa zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu, ndipo lathandiza polimbana ndi ozembetsa minyanga, koma chilango chachikulu sichipatsa munthu wa ku Mphunzi chifukwa choululira mnansi wake.

Ndiponso dziko lathu lidaona kale kuti nyama zikatetezedwa bwino pamalo ochepa, funso lozichepetsa limabwera lokha. Ku Lengwe, m'chigwa cha Shire, boo adachulukana atakumbiridwa zitsime mpaka kuyamba kuononga zitsamba zimene amadya, ndipo m'zaka za m'ma 1980 dipatimenti ya nyama idachita kupha ena mowerenga, nyama yake n'kugulitsidwa kwa anthu ozungulira. Njovu zitachuluka ku Liwonde ndi ku Majete, zoposa 500 zidasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zidapita ku Kasungu mu 2022, kumene madandaulo a minda yoonongeka ndi anthu ophedwa adamveka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Kufupi ndi kwathu kuno, m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima, bungwe la Wildlife Action Group, limene lidayamba ntchito ku Thuma mu 1996, lachotsa misampha yambiri, lamanga mpanda wamagetsi ndi kulemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira, ndipo nyama zabwerera. Zikapitiriza kuswana mkati mwa mpanda, tsiku lidzafika loti wina aganize zochita nazo. Kusamutsa njovu pa galimoto kumafuna ndalama za abwenzi akunja. Nguluwe ndi anyani a m'mapiri a Dedza palibe adzawasamutse.

Wina adzafunsa ngati ndikufuna kuti anthu ayatse mapiri n'kumasula agalu. Ayi ndithu. Pa chiwerengero cha lero uzimba umodzi ku Chongoni ukhoza kumaliza mbawala zotsala, ndipo moto wa mu Okutobala umapha timitengo tating'ono, chifukwa chake afolesiti amalimbikitsa kutentha msanga udzu usanaumitsitse. Mafumu ena a lero adagulitsapo malo ndi kulekerera makala, ndipo kuwapatsa mphamvu popanda wowayang'anira kungakhale kubwereza mbiri ya minyanga. Anansi athu adayesa kubwezera nyama kwa anthu, CAMPFIRE ku Zimbabwe kuyambira 1989 ndi Tchuma Tchato ku Tete m'zaka za m'ma 1990, ndipo dandaulo lomveka kawirikawiri lidali loti ndalama zambiri zinkatsakamira m'maofesi zisanafike kumudzi. Choyenera kutengako ku uzimba ndi mphamvu yotseka, yokhala pafupi, yochitikira poyera, imene malipiro ake anthu amawaona ndi maso. Mudzi umene wauzidwa kuti ukachotsa makhwekhwe zaka zisanu, nyama zikawerengedwa n'kupezeka zachuluka, udzaloledwa kusaka nguluwe zakutizakuti pa tsiku lodziwika, nyama n'kugawidwa pabwalo, uli ndi chifukwa chosungira tchire chimene sunakhale nacho kuyambira 1897. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kale kuti midzi isamalire nkhalango mogwirizana ndi boma kudzera m'makomiti ake. Mapangano ambiri otere amakamba za nkhuni, bowa, uchi ndi udzu. Za nyama amangoti n'zoletsedwa.

Poyambira pake pali pafupi. Koleji yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire ili ku Chongoni komweko, m'mphepete mwa tchire limene tikukambali. Ophunzira ake, pamodzi ndi alenje a m'midzi amene amadziwa phazi la nyama iliyonse, atuluke chaka ndi chaka kukawerenga agwape, mbawala, zinkhoma ndi nguluwe za m'nkhalango ya Chongoni ndi phiri la Dedza, ndipo chiwerengerocho chikawerengedwe pabwalo la mfumu m'Chichewa, anthu onse akumva. Nguluwe idalira msampha utaning'a, ndipo ife tisadikire kuti mbawala yomaliza ikodwe. Mafumu a ndodo, a Kachere, a Kaphuka, a Kasumbu, a Chilikumwendo ndi anzawo, akhale pansi ndi afolesiti chilimwe chisanafike, agwirizane tsiku loyatsa moto m'dera lililonse, alilengeze m'midzi, ndipo aboma adzaime nawo pa mlandu wa aliyense amene adzayatse tsikulo lisanakwane.